Uchi wa Kuphiri ndi Masitolo Atatu a ku Lilongwe

Malomo, ntchito yanga yoyamba

Tiyamike ndi Yohane, za ubwana wanga munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa mmene zinalili, choncho ine ndiyambira pamene ndinayamba kulandira malipiro. Nditamaliza maphunziro a zaulimi, boma linanditumiza ku Malomo kukakhala mlangizi. Ndinafika pa lole, nditakhala pamwamba pa katundu wanga yemwe: matiresi, mbaula ndi sutikesi yamalata imene inali ya agogo anu. Masiku amenewo alangizi aakazi tinali ochepa, moti alimi atandiona anaganiza kuti ndine mkazi wa mlangizi, mwini wake akubwera m'mbuyo. Bambo wina anandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Nanga abambo afika liti, kuti tiyambe za nazale?" Ndinawayankha kuti abambowo ndi ine ndemwe. Anaseka mpaka kukhala pansi, koma mawa lake anabwera ndi anzawo kudzaona ngati ndimadziwadi kufesa fodya.

Bwana wanga woyamba anali a Nkhoma, munthu wamfupi wa mawu aakulu, wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Anandipatsa njinga yakapalasa yopanda mabuleki, n'kundiuza kuti ku Malomo mabuleki ndi nsapato. Sanali munthu wokonda kuyamikira, koma anandiphunzitsa chinthu chimene ndinayenda nacho zaka zonse. Tsiku lina atandimva ndikulalikira alimi mosalekeza za katalikirana ka mizere, anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Mwana wanga, anthu awa anayamba kulima iwe usanabadwe. Ukafika pamunda uziyamba wafunsa, kulankhula kuzibwera pambuyo." Chaka chotsatira feteleza anachedwa kufika, chimanga chili kale m'mawondo, ndipo ine ndi amene ndinkayenda m'midzi kupepesa mlandu wosapalamula. Ku Malomo komweko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, omwe ankaphunzitsa pasukulu ya mishoni ndipo ankaimba besi mukwaya. Anandikonzera mabuleki a njinga ija ndisanawapemphe, ndipo nkhani yathu inayambira pamenepo.

Msakambewa, zaka zimene munabadwa

Ku Msakambewa ndinakhalitsa, ndipo nonse awiri munabadwira kumeneko. Ndi kumenekonso kumene boma linandipatsa njinga yamoto. Ndinaphunzirira kuiyendetsa pabwalo la mpira, ana asukulu akundithamangira m'mbuyo, ndipo tsiku loyamba ndinakathera m'munda wa mtedza wa aphunzitsi aakulu. M'dzinja misewu ya kumapiri a Dowa imaterera ngati therere, moti ine ndi njingayo tinkasinthana, pena ikundinyamula, pena ine ndikuikankha. Mafuta nawo ankabwera mwa apo ndi apo. Akasowa ndinkaisiya pakhonde, nkhuku n'kumagonapo, ine n'kumayenda pansi nsapato zili m'manja.

Chimene ndinaona ku Msakambewa n'chakuti anthu athu kulima amakudziwa, chimawapweteka ndi kugulitsa. Banja limalimbikira chaka chonse, mtedza n'kubereka bwino, kenako mavenda amafika ndi masikelo awo nthawi imene sukulu zikutsegulira, mlimi akufuna ndalama lero lomwe. Mtengo amatchula ndi wogula, wogulitsa n'kumangoyang'ana pansi. Ndinkabwerera kunyumba nditakwiya, bambo anu n'kumandiseka kuti, "Amayi a Tiya, inu munaphunzira zofesa. Zogulitsazi asiyireni eni ake." Koma mumtima ndinkati tsiku lina ndidzapita ndekha kukaona kumene zinthu zathu zimathera.

Ntchisi Boma, chaka cha mabotolo

Pamene ankandisamutsira ku Ntchisi, imvi zinali zitayamba kale. Anandipatsa midzi ya m'mphepete mwa phiri, kumene kunali gulu la alimi oweta njuchi, abambo ndi amayi, ambiri a iwo a mpingo umodzi. Wapampando wawo anali a Mwale, mkulu wa mpingo, wamtali, wowonda, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuyamba awayeza pa sikelo. Njuchi anayamba kuweta ali mnyamata, ndi ming'oma ya makungwa, ndipo ankati sizimawaluma kawirikawiri chifukwa zimadziwa kuti iwo sabwezera. Uchi wa gululo unali wakuda, wolemera, wonunkhira maluwa a mitengo ya m'nkhalango. Koma ankaugulitsa kwa mavenda m'zigubu za mafuta ophikira, pa mtengo woti njuchi zikanaumva zikanasiya ntchito.

Bwana wanga panthawiyo anali a Chisale, wachinyamata, wophunzira bwino, wakhama, ndipo sindikufuna kuti muwaone ngati munthu woipa chifukwa cha zimene ndilembe m'munsimu. Iwo ndi amene anayendayenda m'maofesi mpaka bungwe lina linathandiza gululo ndi ming'oma yamatabwa, zovala zokololera uchi ndi mabotolo. Iwo ndi amenenso anathamangira chiphaso kwa a boma oona za miyezo. Mabotolowo anafika opanda zotsekera, zotsekerazo zinabwera patapita miyezi, ndipo nthawi yonseyo anali yasaa pakona ya ofesi, akangaude akuyesa mwayi. Zonse zitakwanira, a Chisale anandiitana.

"Mayi, uchi uwu si woyenera kugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ndikufuna ulowe m'masitolo aja a ku Lilongwe, mogula mabwana ndi azungu. Pitani mukaone masitolo atatu, mukafananize mitengo, mudzandiuze. Koma ndikuuzirenitu, a sitolo ya magalasi ija ndinalankhula nawo kale pafoni, ndipo ndi anthu abwino."

Nditawauza a Mwale, anati apita nawo, koma anaika lamulo lawo. "Alangizi, tikafika tisakayambe ndi kunena kuti tikugulitsa. Tikalowe ngati ogula. Munthu ukafuna kufunsira mbeta, umayamba wadutsa pamudzipo ngati wapaulendo n'kupempha madzi akumwa. Mmene akupatsira madziwo ndi mmene udzakhalire pakhomopo."

Lilongwe, tsiku lina la m'chilimwe

Tinakwera minibasi ya m'mawa, a Mwale atavala suti yawo ya kutchalitchi, ine nditanyamula mabotolo angapo m'chikwama, okulunga m'chitenje. Mayina enieni a masitolowo sindiwalemba, nditchula mmene tinkawatchulira ife.

Yoyamba tinkaiti Yaikulu. Inali ngati shedi ya fodya imene yapita kusukulu. Mlonda anatilanda chikwama pakhomo n'kutipatsa kachitsulo ka nambala, a Mwale n'kukafumbata ngati ndalama yomaliza. Mkatimo munali chilichonse, ndipo shuga, mpunga, sopo ndi mafuta ophikira zinali zotsikirako mtengo kusiyana ndi kwina kumene tinapita tsikulo. Koma munalibe munthu wokuyang'ana kumaso. Tinafunsa mtsikana wina amene ankasanja zitini kuti uchi uli kuti, iye analoza ndi chibwano, osatembenuka. Tinazungulirazungulira mpaka tinaupeza tokha, ndipo apo a Mwale anaima njii. Kabotolo kamodzi ka uchi wakunja, woyera ngati madzi a shuga, mtengo wake unali pafupi kufanana ndi umene venda ankawapatsa pa kachigubu kathunthu. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Alangizi, tawerengani inu, mwina maso angawa akuwonjezera ziro." Ndinawerenga, ndipo ziro anali omwewo. Titafunsa za manijala, wantchito wina anatiuza kuti zogula zonse amagamula kulikulu, ife tingolemba kalata. A Mwale anagwedeza mutu. "Pamudzi pano madzi alipo ambiri, koma ukatunge wekha kuchitsime. Tiyeni."

Yachiwiri inali ya Magalasi ija. Chitseko chinatseguka chokha tisanachikhudze, a Mwale n'kubwerera m'mbuyo kuti amene watsegulayo ayambe watuluka. Mkati munali kuzizira ngati ku Ntchisi mu Juni, kanyimbo kakulira chapansipansi, fungo la buledi wotentha lili ponseponse. Wantchito wovala epuloni yoyera anatipatsa moni waulemu n'kutikankhira kangolo kogulira, ndipo tinachita manyazi kumuuza kuti tikufuna buledi mmodzi yekha. Mitengo inali yokwera. Tomato amene kwathu timapatsana ulere anali atamusanja m'kambale, atamuphimba ndi pulasitiki, mtengo wake wa nkhuku yamoyo. Mbatatesi anali atazitsuka mpaka kuwala, ndipo a Mwale anandinong'oneza kuti mwina ndi zomwe zija timazipitirira pamsika wa kwathu, kungoti kuno zasamba. Koma kulandira alendo ankakudziwa. Titafunsa za uchi, wantchito uja anatiperekeza mpaka pomwepo. Wakunja unali pamwamba, pofika maso, nyali ikuuwalira. Wa kuno kwathu unali pa shelefu ya pansi penipeni, poti munthu ugwade. Ine ndinagwada. Mabotolo ena anali ndi fumbi, lina linali litadontha, nyerere zitapeza kale njira, ndipo mapepala omata anali atasuluka. Ndinafunsa ngati uchi wapansiwo ndi wabwino. Anamwetulira n'kuyankha kuti, "Sindinaulawepo, Amayi, koma makasitomala athu amakonda wapamwambawu."

Kenako tinadziulula. Manijala wake, a Jere, anatilowetsa mu ofesi, anatipatsa tiyi wamkaka ndi mabisiketi, ndipo polankhula ndi a Mwale ankawatchula kuti Bambo Tcheyamani. Botolo lathu analikweza m'mwamba, analiyang'anira pa nyali, analiyamikira kwambiri, koma sanalitsegule. Mtengo umene anatchula unali wabwino moti a Mwale anatsamwa ndi tiyi. Anati tibweretse uchi wonse umene tili nawo. Nditafunsa za kalipiridwe, anati ndalama zimatuluka uchiwo ukagulidwa, ndipo umene wakhalitsa pa shelefu amaubweza kwa eni ake. Anazinena mokoma, akutiwonjezera tiyi, ndipo potuluka anatiperekeza mpaka pa chitseko chodzitsegula chija.

Yachitatu inali yaing'ono, yakale, mashelefu ake amatabwa, ndipo mitengo yake inali yoopsa kuposa ya Magalasi. Tchizi chimene ndinachiona mmenemo, kachidutswa ngati sopo wotsala, ndinachibwezera msangamsanga kuopa kuti chingandigwe m'manja. Nyimbo munalibe. Titalowa tinapeza mayi wina wojintcha, magalasi ali pamphuno, akukalipira wantchito chifukwa cha kabichi wofota amene anamusiya pa shelefu. Ameneyo anali mwini sitolo, Mayi Tembo. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mukufuna chiyani?" Moni sanapereke. Tinati uchi. Anatitsogolera okha, n'kuyamba kutifotokozera botolo lililonse: uwu ndi wa kumpoto, wowawirako pang'ono, uwu ndi wa kuchigwa, wopepuka, wabwino mu tiyi, uwu musagule ngati mukufuna wa chifuwa. Wakunja ndi wa kuno kwathu unali pa shelefu imodzi, mabotolo onse opukuta. Tili pomwepo, agogo ena a ndodo anabwera ndi paketi ya mkaka, akuti anaupeza utasasa. Mayi Tembo ananunkhiza, n'kuwapatsa ina osafunsa lisiti, kenako n'kulamula kuti mkaka wonse umene unabwera limodzi ndi umenewo uchotsedwe mufiriji.

"Amayi, ife sitikugula," a Mwale anatero potsiriza. "Tikugulitsa."

"Ndinadziwa kale. Wogula uchi sabwera atavala suti. Tulutsani."

Anatsegula botolo pomwepo, anatenga supuni, analawa, n'kutseka maso kanthawi. Kenako anati, "Uchiwu ndi wabwino, koma eni akenu ndinu osasamala. Muli phula, phiko la njuchi ndi ili, ndipo ukumveka utsi. Mumakolola ndi moto wa udzu?" A Mwale anavomera kuti ena amatero. Mayi Tembo anati sangauike pa shelefu yawo uli choncho. Tikausefa bwino pa nsalu yoyera, n'kusiya kufukiza mopitirira muyeso, azitenga makatoni ochepa mwezi uliwonse, ndipo azilipira tsiku lomwelo katundu akafika. Mtengo wawo unali wotsikirako kusiyana ndi wa a Jere. Tiyi sanatipatse, ngakhale mpando.

Pobwerera a Mwale anafumbata buledi wa ku Magalasi pamiyendo mpaka tinafika pa Mponela. Apo anati, "Mayi uja alibe mwambo." Minibasi itakhota kulowera kwathu anawonjezera kuti, "Koma ndi yekhayo amene analawa."

Ntchisi, sabata yotsatira

A Chisale ndinawafotokozera zonse mu ofesi mwawo, ndipo anamvetsera akugogoda tebulo ndi cholembera. Zinapezeka kuti iwo anali atapita kale patali. Anali atauza a bungwe lija kuti uchi wa kuphiri ukulowa ku Magalasi, ndipo ankakonza mwambo woti a Jere adzabwere, alendo adzajambulitse, nkhani idzamveke pa wailesi. "Mayi, musandisokonezere," anatero. "Mtengo wapamwamba uli kwa a Jere, ndipo ndi umene alimi ayenera kumva. Za fumbi ndi nyerere si nkhani ya pamsonkhano." Kenako, osasintha mawu n'komwe, anandiuza kuti mpando wa woyang'anira alangizi uli wopanda munthu, ndipo akuganiza zopereka dzina langa. Sanandiopseze ayi. Anangoika nkhani ziwirizo m'mbale imodzi.

Ana anga, mpando umenewo ndinkaufuna. Zaka zopuma zinali pafupi, penshoni ikanakwera, ndipo iwe Yohane unali ku koleji, ukutumiza mauthenga a ndalama ya chakudya. Komanso ndinalibe umboni woti ku Magalasi zinthu zikavuta. Chimene ndinali nacho ndi fumbi limene ndinaliona nditagwada. Mwina uchi wathu ukanayenda malonda ngakhale pa shelefu ya pansi, ine n'kukhala amene ndawamana anthu osauka mtengo wabwino. Ndinawafunsa bambo anu tikuswa mtedza pakhonde, ndikuyembekezera kuti anena zoti ndiganizire ana. Iwo anapitiriza kuswa, kenako anati, "Ine ndinakwatira mlangizi. Mukakawauza theka la nkhani, ndiye kuti ndinakwatira venda."

Msonkhano unachitikira m'tchalitchi cha kuphiri. A Chisale analankhula poyamba, ndipo analankhula bwino. Atatchula mtengo wa a Jere, amayi analiza nthungululu, achinyamata n'kuyamba kuwerengera malata m'mitu mwawo. Kenako a Mwale, monga wapampando, anati, "Alangizi anali nafe paulendowu. Atiuze zimene anaona." Ndinaimirira. Ndinanena zonse motsatana: za Yaikulu yotchipa yopanda wokulankhula, za tiyi ndi ulemu wa ku Magalasi ndi mtengo wake wabwino, za shelefu ya pansi, za kudikira mpaka uchi ugulidwe ndi kubweza wotsala. Ndinanenanso za Mayi Tembo, ukali wawo, mtengo wawo wotsikirako, ntchito yowonjezera yosefa, ndi ndalama ya tsiku lomwelo. Ndinkaganiza kuti ndathana nazo, ndipo ndinayamba kukhala pansi.

Pamenepo a Nabanda, mayi wamasiye wa ming'oma yochepa koma yosamalidwa bwino, anakweza dzanja. "Alangizi, mwatiuza za uku ndi za uku. Koma mukanakhala inu, ana akudikira fizi, uchi wanu mukanapita nawo kuti?"

Ndinayang'ana a Chisale. Iwo ankayang'ana foni yawo. Ndinati, "Ndikanapita nawo kwa Mayi Tembo."

Mtsutso unali wautali, ndipo dzuwa linapendeka tikadali m'tchalitchimo. Achinyamata ankati munthu sasiya mtengo waukulu n'kuthamangira waung'ono. Amayi ankati mtengo waukulu wa pakamwa sugula makope. A Mwale analola aliyense kulankhula, ngakhale obwereza zonena anzawo. Pamapeto ambiri anasankha Mayi Tembo, ndipo anagwirizana kuti ofuna kuyesa ku Magalasi ndi uchi wawo asaletsedwe.

Mwambo wojambulitsa uja unalephereka. A Chisale anakhala nthawi yaitali akundipatsa moni wa mutu wokha. Mpando uja unapita kwa munthu wina, ndipo njinga yanga yamoto inatengedwa akuti ikakonzedwe, koma ndinkaiona ikudutsa pa Boma ili ndi mwini watsopano. Kuphiri ndinkapita pa kabaza, pokwera chitunda tonse awiri n'kumayenda pansi. Choopsa kwambiri chinachitika pa ulendo woyamba wa makatoni. Tinasefa, tinatsuka mabotolo, amayi anavala mipango, koma Mayi Tembo anabweza ena chifukwa zotsekera sizinamange bwino. Lamulungu lotsatira ndinapemphera kuphiri komweko, ndipo ndinamva maso a anthu kumsana kwanga kuyambira nyimbo yoyamba mpaka mdalitso. Ulendo wachiwiri anatenga onse, ndipo ndalama inalowa pafoni ya gulu a Mwale asanafike n'komwe kudepoti. Kuyambira pamenepo zinkayenda choncho mwezi ndi mwezi, ndipo mavenda atafika ndi zigubu zawo anapeza anthu akutchula okha mtengo.

Za ku Magalasi sindinganame kuti kunali chinyengo. Achinyamata amene anapititsa uchi wawo kumeneko analipidwa ndithu, koma patapita nthawi yaitali, ndipo mabotolo ena anabwerera atachita fumbi. Mmodzi wa iwo mpaka lero amati akanapirira akanapindula kuposa anzake, ndipo mwina akunena zoona. A Chisale atalandira kalata yowasamutsira kwina, anabwera kunyumba kudzatsanzika. Anakhala pakhonde, anamwa thobwa, kenako anati, "Mayi, nkhani ija mukanandiuza tili awiri."

"Ndinakuuzani tili awiri, Bwana."

"Ndiye mukanandiuza kawiri."

Tinaseka tonse, ndipo anapita ndi botolo la uchi m'thumba la jekete.

Kuphiri, dzinja langa lomaliza pantchito

Chaka chimene ndinkapuma, Mayi Tembo anaimba foni kuti akufuna kudzaona kumene uchi wawo umachokera. Ankautchula choncho, uchi wawo. Tinawachenjeza kuti adikire mvula ithe, koma iwo sanali munthu wouzidwa. Galimoto yawo inatitimira m'matope patsinde pa chitunda chomaliza, ndipo gulu lonse linatsetsereka kukaikankha, amayi akuimba nyimbo ya chigwirizano kuti mphamvu zibwere. Anafika pamwamba matope ali m'mawondo, akukalipira msewu, mvula ndi dalaivala wawo. Anayendera kanyumba kosefera uchi, anapitsa chala pawindo kuona ngati pali fumbi, ananunkhiza nsalu zosefera, ndipo sananene kanthu. Ife tinali titawadziwa kale, kusanena kanthuko kunali kuyamikira.

Kenako anati akufuna kuona mng'oma ukutsegulidwa. A Nabanda anawabweretsera chovala ndi chipewa cha neti chophimba kumaso. Chovalacho anavala, koma chipewa anakana. "Ndabwera kudzaona, osati kudzabisala," anatero. A Mwale anayesa kuwachonderera, osaphula kanthu. Anafukiza kautsi pang'ono monga mmene mayiwo anatiphunzitsira, anatsegula mng'oma, n'kutulutsa chisa chodzaza, uchi ukunyezimira. Mayi Tembo anawerama kuti aone bwino, ndipo njuchi imodzi inawaluma pamwamba penipeni pa diso.

Tinawathamangitsira pamthunzi. A Nabanda anachotsa mbola ndi chikhadabo n'kupakapo uchi womwewo, koma diso linatupa tikuona, mpaka kutsekeka. Anthu onse anayang'anizana. Ndikudziwa chimene aliyense ankaganiza, chifukwa inenso ndinkaganiza chomwecho, kuti msika wathu wathera pa njuchi imodzi. A Mwale anavula chipewa chawo, anachigwira pachifuwa, n'kulankhula pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.

"Pepani, Amayi. Antchito athuwa ndi akhama, katundu wawo ndi wabwino, koma kulandira alendo sanaphunzire. Ine ndimayesa kuti inu ndi iwo mumvana."

Mayi Tembo anawayang'ana ndi diso limodzi lotsalalo. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kukhala pamwala, misozi ikutuluka ngakhale m'diso lotupa lija. Kanali koyamba kuti ndione mano awo. Gulu lonse linamasuka n'kuseka nawo, ndipo anakhala nafe mpaka masana, akudya chimanga chowotcha, akufunsa mayina a mitengo imene njuchi zimakonda.

Pobwerera tinawaperekeza mpaka patsinde pa chitunda, pamene galimoto inawadikira. Anakwera, diso lili chitsekere, ndipo galimoto itayamba kuyenda anatsitsa galasi n'kuitana a Mwale. Anawauza kuti mwezi wamawa awonjezere makatoni, koma zotsekera amange bwino.